Kukayenda pa milatho ya Budapest kuchokera ku Johannesburg: mafunso ndi mayankho

Tsambali ndi la abale athu olankhula Chichewa okhala ku Johannesburg ndi madera ozungulira, amene akufuna kukaona mzinda wa Budapest, likulu la dziko la Hungary, makamaka milatho yake ya pa mtsinje wa Danube. Langizo lathu lalikulu ndi loti milathoyi muiwoloke wapansi, umodzi ndi umodzi, kuyambira kumpoto kutsikira kumwera. Mukakhala m'basi ya alendo, mlatho umatha musanauone n'komwe.

Milatho yake ndi ingati, ndipo yofunika kuiona ndi iti?

Yapakati pa mzinda, imene ili ndi mbiri yaitali, ndi inayi. Pa mapu a Chingerezi mayina ake ndi Margaret Bridge, Chain Bridge, Elisabeth Bridge ndi Liberty Bridge, koma pa zikwangwani za m'misewu mudzawerenga Margit híd, Lánchíd, Erzsébet híd ndi Szabadság híd. Mayina achiwiriwa muwasunge m'foni chifukwa ndi amene adzakuthandizeni posaka pokwerera. Ilipo ina monga Petőfi wa 1937, Árpád wa 1950, Rákóczi wa 1995 ndi Megyeri wa 2008, koma imeneyi ntchito yake yaikulu ndi kuolotsa magalimoto, ndipo amene ali ndi masiku ochepa akhoza kuisiya.

Mtsinjewu umagawa mzinda pawiri. Kumadzulo kuli Buda, dera la mapiri komwe kuli nyumba yachifumu yakale. Kum'mawa kuli Pest, dera lachidikha lodzaza ndi masitolo, mahotela ndi Nyumba ya Malamulo. Kale inali mizinda yosiyana, ndipo anaiphatikiza pamodzi ndi Óbuda mu 1873. Magombe a mtsinjewu pakati pa mzinda analowa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse mu 1987.

Ndili ndi pasipoti ya Malawi koma ndimakhala ku Joni. Viza ndikaitenge kuti?

Hungary ili m'gulu la mayiko a Schengen, mayiko a ku Europe amene amagwiritsa ntchito viza imodzi, choncho mufunika viza ya Schengen. N'chimodzimodzi kwa amene ali ndi pasipoti ya Zambia, Mozambique ngakhale South Africa. Ofesi ya kazembe wa Hungary ili ku Pretoria, ndipo tsamba lake la pa intaneti ndi limene limanena kokapereka mapepala ndi mmene mungasungitsire tsiku. Ngati ulendo wanu ukudutsa m'mayiko angapo a Schengen, mumapempha ku dziko limene mukagoneko masiku ambiri.

Mfundo imene imagwetsa anthu ambiri ndi iyi: kuti mupemphe viza muli ku South Africa, muyenera kukhala ndi pemiti yokhalira kuno, ya ntchito, ya sukulu, ya banja kapena yokhazikika, ndipo kawirikawiri amafuna kuti ikhale idakali ndi miyezi itatu mukadzabwerako. Sitampa ya masiku ochezera imene amadinda pachipata cholowera m'dziko si yokwanira. Ngati masiku anu anatha kale, yambani mwakonza nkhani imeneyo, chifukwa munthu wopitirira masiku akamatuluka pa OR Tambo amaletsedwa kulowanso mu South Africa kwa chaka kapena kuposerapo. Amene ali ndi pepala la ofunafuna chitetezo afunse kaye odziwa malamulo asanagule tikiti iliyonse.

Amafuna mapepala anji, ndipo zimatenga nthawi yaitali bwanji?

Pasipoti ikhale yoperekedwa m'zaka 10 zapitazi, yotsala ndi miyezi itatu kuwerengera tsiku limene mudzatuluke mu Schengen, komanso yokhala ndi masamba awiri opanda chidindo. Pamwamba pa izi amafuna fomu yosainidwa, chithunzi, umboni wa ndege yopita ndi yobwerera, umboni wa kogona, masitetimenti a ku banki a miyezi itatu, kalata ya abwana yonena kuti mwapatsidwa tchuthi ndipo mudzabwerera pantchito, ndi inshulansi ya chipatala yosachepera mayuro 30,000. Mtengo wa viza kwa munthu wamkulu unakwera kufika mayuro 90 mu Juni 2024. Amakujambulani zala, ndiye mupite nokha.

Mutha kupempha kudakali miyezi 6. Yankho limabwera m'masiku 15, koma nthawi zina limafika masiku 45. Chimene chimakanitsa ambiri ndi ndalama yaikulu yolowa mwadzidzidzi mu akaunti kutatsala sabata kuti apereke mapepala. Oona mafomu amazindikira kuti ndi yobwereka. Ndi bwino kuonetsa malipiro olowa mwezi ndi mwezi ngakhale ali ochepa. Opanga geni opanda pepala la malipiro aonetse mapepala a bizinesi ndi ndalama zimene zimadutsa ku banki.

Pali ndege yolunjika?

Palibe. Mumasinthira ku Istanbul, Doha, Dubai, kapena m'mizinda ya ku Europe ngati Frankfurt, Zurich, Paris ndi Amsterdam. Mukasinthira mu mzinda wa Schengen, pasipoti amaionera komweko, choncho siyani maola osachepera awiri pakati pa ndege ziwirizo. Kudzera ku London kungafune viza ina ya UK, ndiye kupeweni. Mukatera ku Budapest, basi ya 100E imakufikitsani pa Deák Ferenc tér pakati pa mzinda m'mphindi pafupifupi 40. Basi imeneyi ili ndi tikiti yakeyake, yosiyana ndi ya mabasi ena.

Ndiyambire pati kuti ndione yonse inayi tsiku limodzi?

Yambirani pa Jászai Mari tér, ku mbali ya Pest, pomwe mlatho wa Margit ukuyambira. Ma tram 4 ndi 6, sitima zachikasu zamagetsi zoyenda mumsewu, amaima pamenepo. Wolokani m'kanjira ka oyenda pansi ka mbali ya kumwera, komwe kamayang'ana Nyumba ya Malamulo. Mukafika ku Buda, tsatirani gombe kulowera kumwera mpaka pa Batthyány tér, pomwe Nyumba ya Malamulo imaonekera yonse kutsidya kwa madzi. Pitirirani mpaka pa Clark Ádám tér n'kuwoloka Lánchíd kubwerera ku Pest. Kuchokera pamenepo yendani m'njira ya Duna-korzó mpaka pa Március 15. tér, muwoloke Erzsébet kupitanso ku Buda, mudutse m'tsinde mwa phiri la Gellért mpaka pa Szent Gellért tér, kenaka muwoloke Szabadság n'kukathera pa msika waukulu wa pa Fővám tér.

Motsatira mtsinje, kuchoka pa mlatho woyamba kufika wachinayi ndi pafupifupi makilomita atatu ndi theka. Mukaphatikiza kuwoloka kanayi konse, mudzayenda makilomita pafupifupi 6. Munthu woyenda bwinobwino, woima kujambula ndi kumwa tiyi, zimamutengera maola anayi kapena asanu. Miyendo ikatopa, ma tram 19 ndi 41 amayenda m'mbali mwa gombe la Buda, ndipo tram 2 imayenda m'gombe la Pest.

Pa yambiri mwa milatho imeneyi simungadumphe msewu pakati kuti mupite kanjira ka mbali ina. Sankhani mbali musanakwere.

N'chifukwa chiyani mlatho wa Margit ndi wokhota pakati?

Pamalo amenewa mtsinje umagawika pawiri kuzungulira chilumba cha Margit, ndipo theka lililonse la mlatho analimanga loyang'anizana bwino ndi kayendedwe ka madzi a nthambi yake. Apa ndi pomwe panachokera kukhotako. Unamangidwa kuyambira 1872 mpaka 1876 ndi kampani ya injiniya wa ku France, Ernest Goüin, ndipo ndi wautali kuposa mamita 600. Kanthambi kotsikira pachilumba anakawonjezera mu 1900. Tram imaima pakati penipeni pa mlathowu, ndipo mukhoza kutsikira pachilumba, pomwe pali mitengo, minda ya maluwa ndi malo opumira opanda chiphokoso cha magalimoto.

Mlathowu uli ndi mbiri yowawa. Pa 4 Novembala 1944, mabomba amene asilikali a Germany anatchera anaphulika masana, ma tram ndi anthu ali pamwamba, ndipo anthu ambirimbiri anafa. Anaukonzanso nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, kenaka anaukonza kwambiri kuyambira 2009 mpaka 2011. Samalani ndi njinga chifukwa zimathamanga ndipo njira yake yagundana ndi ya oyenda pansi.

Lánchíd ndi wotchuka chifukwa chiyani?

Ndiwo mlatho woyamba wokhazikika pakati pa Buda ndi Pest. Usanamangidwe, anthu ankawoloka pa mabwato olumikizidwa pamodzi, amene ankachotsedwa nyengo yozizira ikafika. Mtsinje ukauma ndi chisanu ankayenda pa ayezi, koma ayeziyo akayamba kusweka kunalibe kuwoloka. István Széchenyi, mmodzi wa anthu apamwamba a dzikolo, ndiye anakakamira kuti mlatho umangidwe, ndipo dzina lake lonse lero ndi Széchenyi Lánchíd. Anaujambula ndi injiniya wa ku England, William Tierney Clark, ndipo woyang'anira ntchito yomanga anali Adam Clark wa ku Scotland. Awiriwa sanali pachibale. Unatsegulidwa pa 20 Novembala 1849. Chinthu china chachikulu pa nthawiyo chinali choti aliyense woloka ankalipira, ngakhale anthu a m'mabanja apamwamba amene sankakhoma msonkho.

Kutalika kwake ndi pafupifupi mamita 375, ndipo pakati pa nsanja zake ziwiri za miyala pali mamita 202. Kuti muyerekeze, Nelson Mandela Bridge wa pakati pa Braamfontein ndi Newtown ndi mamita 284. Mukafika, imani pafupi ndi unyolowo muuyang'anitsitse. Si unyolo wa mphete zozungulira ayi. Ndi zitsulo zazitali zafulati zoikidwa mogundizana, zolumikizidwa kumapeto ndi chikhomo chachikulu chodutsa m'mabowo, ndipo pa mfundo zimenezi ndi pomwe pamatsikira ndodo zonyamula msewu. Kanjira ka oyenda pansi kamakhotera kunja kuzungulira nsanja iliyonse, ndipo pamenepo ndi pabwino poima osatchinga anzanu.

Mikango inayi ya miyala ya kumapeto anaisema ndi János Marschalkó ndipo inaikidwa mu 1852. Mudzamva oyendetsa alendo akunena kuti ilibe malilime. Malilime alipo, kungoti munthu ali pansi sawaona. Mikangoyi inapulumuka pamene asilikali a Germany anaphulitsa mlathowu pa 18 Januwale 1945. Unatsegulidwanso pa 20 Novembala 1949, patatha zaka 100 ndendende. Atamaliza kuukonza kuyambira 2021 mpaka 2023, magalimoto a anthu wamba sanaloledwenso. Pano pamadutsa mabasi, matakisi, njinga ndi oyenda pansi, choncho mpweya wake ndi wabwino kuposa kale.

Ku mbali ya Buda kuli msewu woboola phiri, wa m'ma 1850, komanso kangolo kokokedwa ndi chingwe kotchedwa Sikló, ka 1870, kokwezera anthu ku nyumba yachifumu. Mzere wake umakhala wautali ndipo tikiti yake ndi yapadera. Amene miyendo ili bwino akwere masitepe, ndi mphindi 15 zokha, ndipo mlatho umaoneka bwino kwambiri muli pamwambapo.

Nsapato zachitsulo zachikumbutso zili pati?

Zili pagombe la Pest, pakati pa Lánchíd ndi Nyumba ya Malamulo, mtunda wa mphindi khumi kuchokera pa mlatho kulowera kumpoto. Ndi mapeyala 60 a nsapato zachitsulo, za abambo, amayi ndi ana, zoikidwa mu 2005 ndi Can Togay ndi Gyula Pauer. Zimakumbutsa Ayuda amene anawomberedwa pagombeli mu 1944 ndi 1945 ndi gulu la Arrow Cross, chipani cha ku Hungary chogwirizana ndi a Nazi, atawalamula kuvula nsapato. Mudzaona makandulo ndi timiyala toikidwa m'kati mwa nsapatozo. Ndi malo a maliro. Musaponde m'nsapato, musakhalepo pojambulitsa, ndipo ana muwauziretu.

Erzsébet akuoneka watsopano. Ndi wofunika kuwoloka?

Inde, ngakhale kuti pa inayiyi ndi umene uli ndi phokoso lambiri la magalimoto. Woyamba unatsegulidwa mu 1903 ndipo unkadutsa mamita 290 popanda nsanamira m'madzi, zimene panthawiyo panalibe mlatho wina wa unyolo wofikapo. Unaphulitsidwa mu Januwale 1945, ndipo pa milatho yonseyi ndi wokhawu umene sanaubwezeretse mmene unalili. Woyera umene ulipowu, wa zingwe zachitsulo, anaujambula ndi Pál Sávoly ndipo unatsegulidwa mu 1964. Dzina ndi la mfumukazi Elisabeth, mkazi wa Franz Joseph, mfumu ya Austria ndi Hungary. Ku mbali ya Pest msewu wa mlathowu wadutsa pafupi kwambiri ndi khoma la tchalitchi chakale cha Inner City Parish Church. Kutsogolo kwanu ku Buda mudzaona chiboliboli cha bishopu Gellért, amene anaphedwa pa phirili mu 1046. Lori kapena basi ikamadutsa mudzamva mlatho ukunjenjemera pang'ono pansi pa mapazi. Ndi mmene milatho yolendewera imachitira, musachite mantha.

Nanga wobiriwira uja?

Umenewo ndi Szabadság, waufupi pa yonse, mamita pafupifupi 334, ndipo kwa ife ndiwo wokoma kuyendapo. Unatsegulidwa mu 1896 pa chikondwerero cha zaka 1,000 za dziko la Hungary, ndipo poyamba unkatchedwa dzina la Franz Joseph, amene anakhoma yekha msomali womaliza wasiliva. Pamwamba pa nsanamira zake zinayi pali mbalame zotambasula mapiko zotchedwa turul, za m'nthano za makolo a anthu a ku Hungary. Nkhondo itatha, ndiwo unayamba kubwezeretsedwa, ndipo unatsegulidwa pa 20 Ogasiti 1946. Ma tram 47 ndi 49 amadutsa pakati pake, pafupi moti mumamva chitsulo chikulira.

Madzulo a nyengo yotentha achinyamata amakhala pa zitsulo za pakati pomwe zatsika pafupi ndi msewu. Kukwera kupita kumtunda ndi koletsedwa ndipo munthu akhoza kugwa. Msika wa pa Fővám tér, wa 1897, ndi malo abwino ogulira tsabola wa paprika wopita naye kunyumba komanso kudya lángos, chakudya cha ufa wa tirigu chokazinga m'mafuta. Fikani isanakwane 5 koloko madzulo, ndipo Loweruka ndi Lamulungu onani kaye maola ake.

Matikiti a tram amagwira ntchito bwanji?

Mumagula musanakwere, pa makina a pa siteshoni kapena pa apu ya BudapestGO. Tikiti ya ulendo umodzi muyenera kuidinditsa mukangokwera. Makina amagetsi mumangolowetsa tikiti n'kumva kulira. M'ma tram ena akale muli timakina tofiira tamanja: lowetsani tikiti m'kabowo kakuda n'kukokera kabowoko kwa inu mwamphamvu mpaka kaboole. Ambiri amangolowetsa n'kutulutsa, tikiti n'kukhala yosadindidwa. Oyendera matikiti savala yunifolomu nthawi zonse, amangotulutsa kansalu ka pamkono, ndipo kusadziwa sikukupulumutsani ku chindapusa. Mukasintha tram mufunika tikiti ina. Kwa mlendo chophweka ndi kugula tikiti ya maola 24 kapena 72, imene sifuna kudinda paulendo uliwonse.

Kodi ulendo wa boti usiku ndi woyenera ndalama zake?

Ndi woyenera, koma ubwere mutayenda kale wapansi, kuti muzizindikira chimene mukuona. Maboti ambiri amanyamukira pagombe la Pest pakati pa Lánchíd ndi Erzsébet, pafupi ndi Vigadó tér, ndipo ulendo wamba ndi wa ola limodzi. Sankhani wonyamuka dzuwa litangolowa, magetsi a pa milatho akuyaka kumene, chifukwa usiku kwambiri amazimitsa. Wa chakudya chamadzulo ndi wodula ndipo mumakhala kuseri kwa galasi. Onetsetsani nambala ya doko pa tikiti, popeza madoko ndi ambiri ndipo boti silidikira.

Mtsinjewu ndi wamphamvu. Pa 29 Meyi 2019, boti la alendo lotchedwa Hableány linagundidwa ndi sitima yaikulu pafupi ndi mlatho wa Margit madzi atakwera, ndipo anthu 28 anamwalira, ambiri mwa iwo ochokera ku South Korea. Mukakwera, yang'anani komwe kuli majekete oyandamitsa.

Tchuthi changa ndi cha Disembala. Ndipite?

Mutha kupita, koma dziwani kuti kumeneko ndi pakati pa dzinja. Dzuwa limalowa cha m'ma 4 koloko masana, kuzizira kumafika pa 0 kapena kutsikirapo, ndipo pa mlatho mphepo imawomba popanda chotchinga. Jekete imene imakukwanirani m'mawa wa Julayi ku Joni ndi yochepa. Mufunika chikhoti chokhuthala, chipewa chophimba makutu, magolovesi ndi nsapato za mphira wosaterera. Batire ya foni imatha msanga m'chisanu, ndiye muisunge m'thumba lam'kati. Yambani kuyenda 10 koloko m'mawa kuti mumalize kukuwala.

Miyezi yabwino ndi Epulo mpaka Juni, komanso Sepitembala ndi Okutobala. Julayi ndi Ogasiti kumatentha kupitirira madigiri 30 ndipo pa milatho palibe mthunzi. Pa 20 Ogasiti ndi tsiku la dziko lawo, amaphulitsa makombola okongoletsa pamtsinje ndipo milatho ina imatsekedwa. Nyengo yawo yotentha wotchi imafanana ndi ya kuno ndi ya ku Malawi, pomwe yozizira amatsalira ndi ola limodzi.

Ndi kotetezeka?

Pakati pa mzinda anthu amayenda mpaka usiku popanda vuto lalikulu. Akuba ake ndi opisa m'matumba, makamaka m'ma tram 2, 4 ndi 6 akadzaza komanso pamsika. Pasipoti ikhale m'thumba lam'kati, ndipo chithunzi chake chikhale m'foni. Choopsa chenicheni kwa ife ndi msewu. Kumeneko magalimoto amayenda kumanja, choncho poyamba kuwoloka yang'anani kumanzere, osati kumanja monga tinazolowera. Tram imabwera mwakachetechete ndipo siima msanga. Takisi yovomerezeka ndi yachikasu yokhala ndi mita, ndipo Bolt imagwiranso ntchito kumeneko. Nambala ya pangozi ndi 112.

Ndalama ndi pulagi?

Ndalama yawo ndi forint, osati yuro. Makadi amalandiridwa pafupifupi paliponse, koma uzani banki yanu musananyamuke kuti isatseke khadi. Makina akakufunsani ngati mukufuna kulipira m'marandi kapena mu forint, sankhani forint, chifukwa kusinthira pa makinawo kumadula. Sungani tindalama tachitsulo ta kuchimbudzi, popeza zambiri ndi zolipira. Madzi a pampopi ndi abwino kumwa. Pulagi yaikulu ya mano atatu ya kuno silowa, koma ya mano awiri ozungulira ya chaja ya foni imalowa.

Tikupita ndi agogo komanso mwana wa pangolo. Zitheka?

Zitheka mukagawa ulendowu masiku awiri: Margit ndi Lánchíd tsiku loyamba, Erzsébet ndi Szabadság lachiwiri. Lánchíd ndi Szabadság ndi osavuta chifukwa mumalowa kuchokera pamsewu popanda chitunda chachikulu. Erzsébet ndi wokwera ndipo njira zina zofikira pamenepo ndi za masitepe, ndiye agogo awoloke pa basi. Pa mzere wa 4 ndi 6 ma tram ake ndi apansi, ngolo imalowa mosavuta, pomwe akale ali ndi masitepe aatali.

Musanatsikire ku gombe lam'munsi, onani mmene madzi alili. Danube amasefukira mvula ikachuluka kumtunda ku Germany ndi Austria kapena chipale chikasungunuka kumapiri. Mu Juni 2013 madzi anafika mamita 8.91 ku Budapest, ndipo mu Sepitembala 2024 anakweranso kwambiri. Zikatero misewu ya m'munsi imatsekedwa, maboti amaima ndipo tram 2 imafupikitsa ulendo, koma milatho yeniyeniyo imakhala yotsegula ndipo mumafikako podzera m'misewu ya kumtunda.